Phala la Kingstone

Supuni itafika pakamwa, Kingstone anatembenukira kukhoma. Linali tsiku lachitatu akukana phala la Bertha.

Bertha ndi amene anamulera mlongo wakeyu chimwalirireni makolo awo. Kingstone anali ndi zaka makumi anayi, koma nzeru zake zinali za mwana wamng'ono. Achipatala anali atamubwezera kunyumba ku Chinyonga, ati khansa yafalikira, chatsala n'kumusamala basi.

"Achimwene, kamodzi kokha," anachonderera Bertha, koma milomo ya Kingstone inali yotseka kuti gwa.

Pakhomo panamveka odi. Analowa Mayi Gulshan, eni shopu ya nsalu ku Limbe, komwe Kingstone ankakonda kukapinda zitenje.

"Adona!" anatero Kingstone, nkhope yonse ikuwala.

"Ndiyeseko?" anafunsa mayiwo, n'kutenga supuni, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

Kingstone anayasama. Anameza, n'kuyasamanso.

Bertha anangoima n'kumayang'ana. Manja ake anali atang'ambika ndi sopo wochapira zofunda. Mayiwa ankanunkhira perefyumu, ndipo anali asanamusinthepo thewera Kingstone n'kamodzi komwe.

"Wayamba kudya, Bertha," anatero Mayi Gulshan, akumupatsa supuni. "Tengani, ndi mlongo wanu uyu."

Bertha anayang'ana Kingstone. Maso a mlongo wakeyo sanachoke pa mlendoyo.

"Ayi, pitirizani," anayankha Bertha. "Koma musamadzaze supuniyo. Amatsamwa."