Chisanza mu Lipenga la Shehata

Banja lili pa chakudya chamasana, Mitwalli anakankhira pambali mbale ya nyemba n'kuloza mng'ono wake.

"Nyimbo ya ukwati wa Samah ndamaliza kupeka. Shehata, chotsa chisanza mu lipenga lako."

Shehata anasiya kutafuna buledi. Zaka zonsezi, mu bandi ya mkulu wakeyo yoyenda m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nailo, ntchito yake inali kuvala jekete lofiira, kunyamula lipenga lotsekedwa ndi chisanza n'kumatupitsa masaya, kuti eni ukwati aziona ngati oimba ndi ambiri.

"Achimwene, mukufuna kundichititsa manyazi pa ukwati wa mwana wanga?"

"Ndakuikira liwu limodzi lokha. Tikadzafika pakhomo pa mkwati tonse tidzakhala chete, ndi ng'oma yomwe. Udzaliza wekha, mpaka mpweya ukuthere."

"Bambo awa? Kuuzira tiyi kokha amatopa," anatero Fatheya, mkazi wa Shehata, ana n'kufa nazo nseko.

Samah yekha sanaseke. "Bambo, ndiye kuti ndidzakumvani?"

Shehata anadzuka osasamba m'manja. Anatenga lipenga lake, n'kusolola chisanza chija, n'kuliuzira. Chimene chinatuluka chinali kulira kwa mbuzi yomangidwa, koma anaseka yekha n'kulizanso.

M'mawa mwake Fatheya akukama njati yawo yoweta, padenga panamveka liwu lalikulu, lowongoka, ndipo njatiyo inagubuduza ndowa. Fatheya anatsegula pakamwa kuti akalipe.

"Asiyeni, mayi," anatero Samah akutola ndowayo. "Limeneli ndi langa."