Mwendo wa Nkhosa

"Kameneka mukamuike mwana wanga, adokotala," anatero mayi wosesa m'khola la nkhosa za kafukufuku. Ankaloza kachinkhupule kolimba kamene amaika pomwe fupa laperewera kuti latsopano limerepo. "Lachinayi akumudula mwendo. Ndi yekhayo amene malemu anandisiyira."

"Mayi, pa anthu sitinafike. Mwina pakapita zaka khumi."

"Khumi! Nkhosa iyi munaidula fupa dala, lero ikudumpha ngati yamwa mowa. Mwana wanga wachepa kwa nkhosa?"

Dokotala anangopukuta magalasi ake.

Lachinayi lomwelo nkhosa ija anaipha kuti aone mmene fupa lamerera. Mwendo wake anaukulunga bwinobwino, kuulemba nambala, n'kuusunga m'firiji. Wa mwana uja, kuchipatala anangouponya m'ng'anjo.