Phala la Mwatitha

Chifuniro sanauzepo munthu kuti anawaona mayi ake kuseri kwa bafa akupala lilime ndi kathabwa, nkhama zikuchucha magazi.

Chiyambire pamene zoyera za m'kamwa zinasiya kumva mankhwala, m'mudzimo munabwera lamulo lakuti wa lilime loyera azidyera payekha ndipo asadyetse mwana. Alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo, aliyense n'kutulutsa lilime. Mayi akewo ankapulumukira kupalako.

Koma chizolowezi sichimva lamulo. Podyetsa Mwatitha, khanda la pakhomopo, ankayamba alawa pa supuni kuti amve ngati phala lapola. N'chifukwa chake Chifuniro sankakhazikika. Ankangozungulira pakhonde, phala likapsa n'kuthamangira mbale.

"Iwe, wayamba liti kukonda ana?" anaseka mayiwo m'mawa wina. "Kapena ukufuna wako? Bweretsa kuno, wachedwa kusukulu."

Anamulanda mbale ija, supuni n'kuyamba ulendo wopita kukamwa kwawo. Chifuniro anawagwira dzanja.

"Amayi," anatero, maso ali pansi, "za lilime lanu ndikuzidziwa. Musalawe. Mwatitha akatenga matendawa, tidzam'patsa mankhwala anji?"