Chipsera cha Pansidze

Mwamuna wina analowa m'chipinda cha anthu angozi masana, wopanda bala, wopanda womuperekeza, n'kungokhala pabenchi.

Namwino anali akuvula magolovesi komaliza. Mawa lake ndege inali kumutengera kutsidya la nyanja.

"Achimwene, mukumva kupweteka pati?"

"Palibe. Ndabwera kudzamva mawu anu, anesi."

"Ndiye mwasochera, kuno si ku wailesi."

Koma namwino atayandikira anaona chipsera pansidze ya mwamunayo, mizere yake yopendekera kumanzere. Pachipatala ponse wosoka ndi dzanja lamanzere anali iye yekha. 

Anali mwamuna uja anthu anabwera naye ali chikomokere chaka chatha, wopanda chiphaso, wopanda m'bale. Namwino ankakonda kucheza ndi okomoka akamawasoka, ndipo uyu anamuuza zimene sanauzepo munthu: kuti akufunitsitsa kupita kunja, koma akuopa kukakhala yekhayekha. Kenako anamutumiza ku chipatala chachikulu, osamvanso za iye. Ankangoti anamwalira.

"Ndinkamva zonse," anatero mlendoyo. "Mantha aja akadalipo?"

Namwino anavomera ndi mutu, misozi ili lengelenge.

"Pitani. Manja amene anandisoka ine sangasowe abale kulikonse."

Panja ambulansi inalira. Anzake a namwino anathamangira kuchitseko, koma iye anagwira mkono wa malaya a mlendoyo.

"Musachoke ndisanadziwe. Ndinu ndani?"

Mwamunayo anawerama n'kumunong'oneza dzina lake m'khutu. Namwino analibwereza pang'onopang'ono, kuti lisakamugwe m'njira.