Anamuuza Kuti Akachilire ku Boma

Panali mayi wina wa kwa Kalembo, ku Balaka, dzina lake Fadila. Amene wanditumizira nkhaniyi akuti ndi yoona. Ine nditaiwerenga mutu unandizungulira, kenako mtima unandiwawa.

Fadila kwawo kunali kwa Kawinga, ku Machinga, koma ankakhala kwa mwamuna wake Zubairu, wogulitsa matemba pa njinga. Mimba inali yoyamba. Sikelo ankayendera pa kachipatala kakang'ono ka pafupi ndi mudzi.

Mimba itakwana miyezi isanu ndi itatu, namwino wa pamenepo, a Monica, anamupima n'kumuuza kuti:

"Mayi, mwanayu wagona chopingasa. Pano sitingathe. Mukachilire ku boma, ndipo mupite msanga mukadikirire konko. Mwamva?"

"Ndamva."

Anamva chiyani! Kunja kunali mzere wautali, iye n'kuchita manyazi kufunsa. A Monica analemba m'kabuku kake ka sikelo, iye n'kukapinda, ulendo wa kunyumba.

Atafika anauza mwamuna wake kuti anesi akuti akachilire ku boma. Za mwana wopingasa sanazitchule, poti anakula akumva kuti za m'mimba sauza mwamuna.

"Ku boma?" anatero Zubairu. "Nanga komwe umapita ku sikeloko n'kwa ndani? Si kwa boma komweko? Akutanthauza kuti tisapite ku mishoni kapena kwa azamba. Nkhani yatha."

Anatenga kabuku kaja, n'kukakulunga m'jumbo kuti kasanyowe, n'kukaika pansi pa matiresi. Kusamala kokhakokha. Kutsegula ayi.

Fadila mtima sunakhazikike. Anaimbira mayi ake, Abiti Hamisi, iwo n'kuti foniyo apatse mpongozi wawo.

"Iyayi apongozi, mwamva molakwa. Boma la mwana wanga ndi Machinga. Mimba yoyamba munthu amachilira kwawo. Mubwere naye ku Liwonde, ku chipatala chathu chachikulu, mudzandipeza konko ndi beseni."

"Amayi, chipatala chili pakhomo pompano."

"Ine ndanena."

Anadula foni. Zubairu zinamunyansa. Lachisanu potuluka mu mzikiti anadandaulira mnzake Abdulaziz.

"Achimwene, anesi akati ku boma amanena ku Balaka, ku chipatala chachikulu," anatero Abdulaziz. "Koma musamve za ine. Tangopitani ndi kabukuko mukawafunse."

"Ndikafunse chiyani? Kodi Chichewa sindichidziwa ine?"

Ndiye taonani: mawu amodzi, anthu atatu, zipatala zitatu. Mwini mimba amangoti akamva uyu n'kuvomera, akamva uyo n'kuvomeranso. Tsiku lina amanga katundu, mawa lake amasula. Masabata anayi anatha choncho.

Matenda anayamba m'mawa Lolemba. Fadila anaimbira mayi ake, iwo osafunsanso zambiri, anangonyamula beseni, zitenje ndi mbaula, kukwera galimoto ya ku Liwonde. Zubairu anati palibe chothamangira poti chipatala n'chapafupi. Dzuwa litafika pamutu, mkazi wake akulephera kuima, m'pamene anaitana wa kabaza wa njinga yamoto.

"Tikupita kuti, bwana?"

"Ku boma."

"Boma lake liti?"

"Aaa, iwenso! Pompano pa chipatalapa."

A Monica atangomuona Fadila pakhomo anagwira pakamwa.

"Mayi awa akutani kuno? Sindinanene kuti akadikirire ku boma?"

"Si kuno ku boma?" anafunsa Zubairu.

"Ku Balaka, bambo! Kumene kuli madokotala a opaleshoni! Mwanayu ndi wopingasa!"

"Wopingasa? Ine nkhani imeneyo ndikuimva lero."

Anayang'ana mkazi wake. Fadila anangobisa nkhope m'chitenje.

A Monica anaitanitsa ambulansi pompo. Inabwera, inathamanga, madokotala a ku Balaka anachita mbali yawo. Fadila anapulumuka. Mwana, wamwamuna, anamutulutsa atasiya kale kupuma. Dokotala anati akanabwera kudzadikirira, opaleshoni ikanachitika nthawi yabwino.

Zubairu anakhala pa benchi panja pa wodi, kabuku kaja kali m'manja, kouma bwinobwino m'jumbo yake. Anapempha namwino wina wodutsa kuti amuwerengere. Zonse zinali momwemo: mwana wopingasa, dzina la chipatala, ngakhale tsiku loti akayambe kudikirira. Tsikulo linali litadutsa ndi masabata atatu.

Foni inalira. Anali Abiti Hamisi.

"Apongozi, ndazungulira mawodi onse, mwana wanga sindikumuona. Muli kuti?"

"Tili ku boma, amayi."

"Inenso ndili ku boma!"

Zubairu anayang'ana kabuku kaja m'manja mwake.

"Halo? Nanga wachira?"

"Wachira, amayi," anatero Zubairu. "Koma beseni lija mungobwerera nalo."

Phunziro: Abale anga, anesi akakuuzani koti mukachilire, musatuluke m'chipindamo musanamve dzina la chipatalacho, chifukwa chake, ndi tsiku loti mupite. Funsani kawiri, ngakhale katatu, mzere udikire. Amayi, za vuto la mimba muziwauza amuna anu, manyazi amenewo amapha ana. Abambo, pitani nawo ku sikelo, ndipo kabuku kaja si kosunga pansi pa matiresi, pezani wokuwerengerani. Apongozi, chipatala sasankha potengera kwawo kwa munthu. Musangowerenga n'kukhala chete, itumizeni ku magulupu anu onse, makamaka kwa aliyense amene kwawo kuli woyembekezera.