Kusamba m'manja ku Limbe

Mayi Salome anaviika manja m'mbale yaikulu ya madzi ofunda, n'kuikankhira kwa asewere awo.

"Sambani, asewere. Ku China amathiramo tianyezi kuti m'manja muzinunkhira."

Lesitilanti ya Matchainayi anasankha okha. Nanga si Mbayani yense ankadziwa kuti iwo anakaodako katundu ku China? Asewere anasamba, akazi awo anasamba, mpaka mkamwini.

Kenako mtsikana woperekera zakudya anafika ndi timbale ndi chipande. Anayang'ana mbale ija, n'kuyang'ana zala zonyowazo.

"Supuyu ndikugawireni?"

Mayi Salome anabisa manja m'chitenje, kaanyezi katamatira pa mphete.

"Yambirani mayiwa," anatero asewere mwaulemu, akupukuta zala. "Ndiwo akudziwa kakomedwe kake."