Chithunzi cha Malemu ku Ofesi

Dzina linatuluka pakompyuta, tsiku lobadwa, nambala ya ntchito, ngakhale saizi ya nsapato zakufakitale. Koma pakona, poyenera kukhala nkhope, panali kabokosi koyera.

Kalaliki anadinanso. Sipanasinthe kanthu.

"Chikubwera, achemwali?" anafunsa mayi wamasiye amene anabwera kudzapempha chithunzi cha malemu amuna ake, ataweramira pakauntala. Foni ya amuna ake inaphwanyika pangozi yomwe inawapha, ndipo kunyumba kunalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi.

"Tadikirani pang'ono, mayi."

Kalaliki anaimbira mkulu wa makompyuta. Iye anayankha akutafuna chakudya, nati posamutsa zinthu chaka chatha anatenga zolemba zokha. Zithunzi zinatsalira m'makina akale, ndipo makinawo anafufutidwa kalekale.

Kalaliki anaika foni pansi mwakachetechete. Mayiyo sanafunsenso, anali atamva zonse.

"Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri," anatero motsitsa mawu. "Ndimafuna mwanayu adzawaone bambo ake."

Kenako mayiyo anapitiriza.

"Paja anandiuza kuti munawajambula ndinu. Tsiku limenelo anavala malaya ati?"

Kalaliki anatsinzina, nayesetsa ndithu kukumbukira. Chaka chimenecho anajambula anthu mazana atatu, onse ataima pakhoma limodzi.